Msewu Ndi Wanga, Kagoneni

A Dalaivala anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali kuyambira ali ndi tsitsi lakuda mpaka dazi linafika pankhongo. Sanagundepo munthu. Mbuzi anagundapo, nkhuku ndiye osanena, koma munthu ayi. Atapuma ntchito, kampani inawapatsa wotchi yapakhoma ndi chikho cholembedwa mawu othokoza. Wotchiyo anaipachika pabalaza. Chikhocho Mayi, akazi awo, anachisandutsa mosungiramo mabatani, chifukwa iwo ndi telala wa mayunifomu a ana a sukulu, ndipo kwa telala batani silitayidwa.

Chinthu choyamba chimene a Dalaivala anachita atapuma chinali kukaitanitsa bedi kwa kalipentala. Silinali bedi wamba. Linali lalikulu, la matabwa olemera, moti polilowetsa kuchipinda anachita kuzula chitseko. Zaka zonse za ntchito iwo ankagona m'kabedi ka m'basi, kuseri kwa mpando wa dalaivala, kopapatiza ngati shelefu, mawondo atapinda, mutu ukugunda chitsulo pa mabampu. Kunyumba ankangofikako kudzasintha malaya. Ana anakula akuwadziwa ngati mlendo wobwera ndi mabisiketi. Ndiye akakhala pa chiwongolero, msewu uli tantha kutsogolo, ankadziuza mumtima kuti tsiku lina adzagona pabedi lawolawo, pambali pa mkazi wawo, miyendo atatambasula, popanda wowagwedeza phewa.

Bedi linabwera, koma tulo sitinabwere nalo.

Ankagona chagada, maso ali kudenga, khutu likugwira ntchito lokha. Mpopi wa kubafa ukadontha, iwo amva. Firiji ikasintha kulira, amva. Galu wa aneba akauwa, adzuka kukagwedeza loko wa pageti, loko yemwe anali atamugwedeza kale. Akabwerera atembenukira uku, atembenukira uko, bedi lalikulu lija n'kumadandaula pansi pawo. Masana ankayenda ngati nkhuku yonyowa ndi mvula. Akakhala pampando mutu unkayamba kugwa, koma akangoti atseke maso thupi linkadzidzimuka ngati laponda moto. Thupi limenelo linaphunzitsidwa kalekale kuti munthu wokhala pampando saodzera, ndipo silinamve kuti ntchito inatha.

Munthu wosagona sagonetsa mnzake. Mayi nawo maso anayamba kufiira. Anapirira, anapirira, mpaka m'mawa wina anasoka thumba la malaya a mwana wa sukulu kumsana. Mwini mwanayo atabwera kudzatenga anaseka mpaka misozi. Mayi sanaseke. Anadikira kuti mlendo atuluke pageti, kenaka anazimitsa makina.

“Abambo, bwerani mukhale apa.”

A Dalaivala anakhala.

“Ndinakupirirani muli kutali. Muli pafupi ndiye mwandikanika. Onani thumba ili.”

“Likhoza kuthandiza. Mwana aziikamo zinthu zoti anzake asaone.”

“Sindikuseka nanu. Kuchipinda kwa ana kuli bedi longokhala. Ine ndisamukira kumeneko.”

A Dalaivala anayang'ana wotchi yapakhoma ija ngati ili ndi yankho. Bedi lalikulu analiitanitsa kuti pazigona anthu awiri. La munthu mmodzi anali nalo kale m'basi, ndipo analitopa nalo.

“Amayi, ndiye bedi lonse lija ndizigonapo ndi ndani?”

“Mumagonapo kodi? Inu mumangolilondera.”

Mwana wawo woyamba ndi namwino, ndipo nkhani za kwa makolo ake zimamufika msanga kuposa odwala. Anabwera ndi chikwama chake, anawayeza bambo ake pamkono, anawayang'ana m'maso, anawafunsa za tiyi amene amamwa. Za mapiritsi a tulo anakana. Anati iye akudziwa malo ena kumapiri, nyumba ya alendo imene anthu amapitako osati kukaona zinyama kapena kukachita misonkhano, koma kukagona basi.

“Kukatani?” anafunsa a Dalaivala.

“Kukagona, adadi. Kuli zii. Mabedi abwino, mpweya wabwino. Anthu amabwerako atasintha.”

“Iwe mwana, ine ndayenda moyo wanga wonse kuti ndidzagone kunyumba. Ndiye ndinyamukenso ulendo wokasaka tulo? Tinathawira kumapiri?”

“Tipita,” anatero Mayi, asanatukule n'komwe mutu pa nsalu imene ankasoka. “Mukakagona kumeneko, ndikhala. Mukakalephera, tikabwera ndinyamula pilo wanga. Musadzati sindinanene.”

Nkhani inathera pomwepo. Pakhomo pamenepo Mayi akati tipita, chotsala ndi kusita malaya.

Ananyamuka pa basi, ndipo a Dalaivala anaonetsa kuti palibe wokwera wovuta kuposa dalaivala. Anasankha mpando wakutsogolo. Basi ikayandikira pokhota, phazi lawo linkaponda buleki yomwe panalibe. Ikamakwera chitunda, dzanja linkasaka giya m'malere. Ankang'ung'udza chapansipansi: “Sintha, sintha, ukuipha injini.” Dalaivala wa basiyo anawayang'ana pagalasi n'kufunsa ngati akudwala. Mayi anamuyankha kuti ayi, ndi matenda a m'banja, sapatsirana. Atatero anatsamira paphewa la amuna awo n'kugona ulendo wonse, kukamwa kuli yasa. A Dalaivala anafika kumapiri atatopa ngati basiyo anaikankha ndi manja.

Nyumba ya alendoyo inali yokongola, zimenezo sitingakane. Inazunguliridwa ndi mitengo italiitali, kapinga wometedwa bwino, tinjira ta miyala. Mayi wolandira alendo anawachingamira pakhomo akulankhula monong'ona, akuyenda ngati pansi pali mazira.

A Dalaivala anavula chipewa n'kunong'ona nawo: “Pepani, sitinamve. Wamwalira ndani?”

Akazi awo anawatsina pantchafu.

Wolandira alendo anamwetulira n'kufotokoza malamulo. Mafoni amasiyidwa pa ofesi. Tiyi amathera m'mawa, madzulo kumakhala madzi ofunda a masamba onunkhira. Wailesi kulibe. Kuchipinda anawaonetsa makatani okhuthala oti dzuwa silingadutse, matiresi oti munthu ukakhalapo umamira, ndipo patebulo panali kansalu kakuda kokhala ndi lamba ndi timasiponji tiwiri.

“Izi ndi za chiyani?”

“Kansaluko mumaphimba m'maso, bambo. Timasiponjito mumatseka m'makutu.”

“Munthu atseke maso, atsekenso makutu? Nanga chikachitika china?”

“Kuno sikuchitika kanthu, bambo.”

“Onse amene ndinawapeza m'ngalande ankatero.”

Alendo ena analipo. Kunali bambo wina wa ku banki wa maso otupa, mphunzitsi wamkulu wina amene ankalankhula yekha, ndi amayi awiri apachibale amene anathawa adzukulu. Onsewa pofika tsiku lachiwiri nkhope zinali zitasalala. Pa chakudya cha m'mawa ankasimbirana za tulo ngati anthu osimba za phwando. Wa ku banki anati anagona mpaka kuiwala dzina la bwana wake. A Dalaivala ankangopaka batala pa buledi osayankha. Iwo kunoko zinthu zinali zitaipiraipira. Kunyumba kunali mpopi ndi firiji zoti khutu lizitsatira. Kuno kunali zii weniweni, ndipo kwa munthu wa m'basi, kukakhala zii ndiye kuti injini yafa. Ankangokhala tcheru kudikira kuti wina afuule.

Masana ena alendo onse anaitanidwa m'chipinda chachikulu kukaphunzira kupuma mpweya. Anagona pa timphasa, nsapato atavula. Mphunzitsi wake anali mayi wa mawu ofewa ngati thonje.

“Tsekani maso. Kokani mpweya pang'onopang'ono. Tulutsani. Tsopano ganizani kuti muli pamsewu wautali, wowongoka, wopanda kanthu. Kamphepo kakuwomba. Palibe galimoto, palibe munthu.”

Wa ku banki anayamba kuliza mkonono. Amayi apachibale aja anatsatira. A Dalaivala anadzuka n'kukhala tsonga, maso ali tong'o, manja atagwira chiwongolero cha m'malere.

“Bambo, gonani pansi. Msewuwu ndi wopanda kanthu.”

“Ndi umene umapha umenewo, mayi. Wokhotakhota umakudzutsa wokha.”

Anawapempha mwaulemu kuti akapume mpweya panja.

Masiku anatha, kunatsala limodzi. Mayi maso anali ofiira kuposa mmene anabwerera, chifukwa amuna awo ankayendayenda m'chipinda chamdima n'kumagunda mipando. Koma za pilo sanazitchulenso. Ankangopinda zovala mwakachetechete, kuzisanja m'chikwama. A Dalaivala ankawadziwa akazi awo. Akamakalipa ndiye kuti khomo likadali lotsegula. Akakhala chete ndiye kuti chigamulo chagwa. Anaona m'maganizo bedi lalikulu lija, iwo ali kumphepete kwake okha ngati katundu woiwalika pa depoti.

“Amayi,” anatero atamwa madzi a masamba aja mosafuna, “m'tauni ya m'munsimu mumakhala Chipewa. Tiyeni mawa tikamuone. Tisabwerere chimanjamanja.”

Chipewa anali mnzawo wa pa chiwongolero. Basi ya ulendo wautali imayenda ndi madalaivala awiri, wina akamayendetsa wina amagona, ndipo awiriwa anasinthana mpando umodzi kwa zaka zambirimbiri. Dzinalo analipeza chifukwa cha chipewa chachikopa chimene sankavula ngakhale posamba, malinga ndi onena. Atapuma ntchito anatsegula kamalo komata matayala pafupi ndi msika.

Anam'peza atakhala pa tayala la thirakitala, mimba ili patsogolo, chipewa chomwe chija chili pamutu. Atawaona anaimirira n'kutambasula manja.

“Ee! Akufa adzuka! Iwe mdala, nkhope imeneyi waitenga kuti? Ukuoneka ngati tayala lophwa.”

“Iwe ndiye wapopedwa mopitirira. Tsiku lina udzaphulika.”

“Alamu, mwamutani mnzangayu? Ndinakupatsani ali bwinobwino.”

“Munandipatsa wosatha, alamu,” anatero Mayi. “Zina munatsala nazo.”

Anakhala pamthunzi, anamwa tiyi weniweni wa mkaka, woyamba wa masana chifikire kumapiri. Anakumbutsana za kondakitala wina amene ankaopa ng'ombe, za mayi amene anabereka m'basi iwo n'kumuthamangitsira kuchipatala ndi anthu onse, za mlatho umene unkawatayitsa nthawi nyengo ya mvula. A Dalaivala anaseka mpaka kutsokomola. Atafotokoza chimene anabwerera kumapiri, Chipewa anagwira mimba n'kuseka.

“Ulendo wokagona! Iwe? Munthu amene unkagona ndisanalowetse giya yachitatu?”

“Amenewa?” anafunsa Mayi.

“Amenewa, alamu. Ankaliza mkonono mpaka okwera kumafunsa ngati injini ili bwino.”

Mayi anayang'ana amuna awo ngati akuuzidwa za munthu wina.

Dzuwa litapendeka, mitambo inayamba kusonkhana, ndipo Chipewa anati awaperekeza pa galimoto yake yonyamulira matayala. Inali galimoto yokalamba, chitseko chimodzi chomangidwa ndi waya, mpando wakutsogolo wokwana anthu atatu mopanikizana. Anaponya makiyi kwa mnzake.

“Yamba ndiwe. Bondo langali likufuna lipume kaye. Ndikulandira pamlatho.”

A Dalaivala anawakha makiyiwo m'malere. Atangokhala pa chiwongolero msana unawongoka, makwinya a pamphumi anachepa. Anayendetsa mofatsa, akumvetsera galimotoyo ngati dokotala womvetsera chifuwa. Mayi anakhala pakati, chikwama pamiyendo.

Pamlatho anaima pambali. Chipewa anatsika, anazungulira kutsogolo akutsimphina, n'kudzaima pa chitseko cha dalaivala. Nkhope anaiumitsa ngati ali pa ntchito.

“Galimoto ili bwanji?”

A Dalaivala anayankha osaganiza n'komwe, mawu akutuluka okha. “Ukaponda buleki imakokera kumanzere. Giya yachitatu imafuna kuinyengerera. Mafuta alipo. Kutsogoloku kwagwa mvula, msewu ukuterera.”

“Okwera?”

“Mmodzi. Wakwiya pang'ono, koma sakuvutitsa.”

“Mukunena ine?” anatero Mayi.

Chipewa anamenya mnzake paphewa kawiri, phaa, phaa. “Ndagwira. Msewu ndi wanga, kagone.”

Onse awiri anaseka, chifukwa mawu amenewa anali asanawanene chipumire ntchito. A Dalaivala anatsika, anazungulira, anakakhala kuwindo, Mayi ali pakati. Chipewa analiza injini. Msewu wokwera kumapiri unali wa miyala, galimoto inkadumpha, chitseko cha waya chija chinkalira, matayala kumbuyo ankagundana. Mayi anatembenuka kuti awauze amuna awo agwire chitseko chingatseguke.

Anapeza mutu uli pagalasi, kukamwa kuli pululu. Kenaka mkonono unayamba, wapansipansi, wokoka, ngati lole yokwera phiri.

“Abambo?”

“Asiyeni, alamu.”

“Akomoka kodi?”

“Agona. Ndinakuuzani, giya yachitatu.”

Mayi anayang'ana mutu wa dazi ukugunda galasi pa bampu iliyonse, mwini wake osamva kanthu. Kumtunda kuja anali ndi matiresi omira, makatani, masamba onunkhira. Kuno anali ndi waya ndi fumbi.

Atafika pageti la nyumba ya alendo, Chipewa sanaime. Anapitirira, anakatembenukira kutsogolo, anabwerera, anapitiriranso. Anati munthu wogona chonchi kumudzutsa ndi tchimo.

“Alamu, tandiuzani,” anatero Mayi. “Mwawathira mankhwala anji mu tiyi muja?”

“Palibe mankhwala. Inu simunagonepo kumbuyo kwa mpando, anthu odzaza basi ali m'manja mwa mnzanu. Sugona chifukwa watopa ayi. Umagona chifukwa wina wagwira. Umamuuza zonse zimene zikukudetsa nkhawa pa galimotoyo, iye n'kuzitenga, zikhala zake. Ukatero mutu umapepuka.”

“Ndiye kunyumba kulinso galimoto?”

“Tsiku limene anatsika basi komaliza, anamulandira ndani? Palibe. Anangomupatsa wotchi. Mdalayu akuyendetsabe, alamu.”

“Akuyendetsa chiyani?”

“Nyumba. Inuyo. Ana. Galu wa aneba.”

Mayi anaseka, kenaka anasiya kuseka. “Nanga inu mumagona bwanji? Anakulandirani ndani?”

“Ine ndinabadwa ndi tulo m'thumba. Uyu ndiye anali wa nkhawa. N'chifukwa chake ine ndinanenepa, iye n'kukhala ndi mbiri yabwino.”

Mafuta atayamba kuchepa, anaima pageti. A Dalaivala anadzidzimuka injini itangozima, anapukuta dovu, n'kufunsa ngati afika pa depoti. Anatsanzikana ndi Chipewa mwa chipongwe monga mwa masiku onse, iye n'kubwerera kumatayala ake.

Mvula inayamba akulowa m'chipinda. Kunja kunali kukadawala, nthawi ya chakudya chamadzulo inali isanakwane. A Dalaivala anakhala m'mphepete mwa bedi, thupi likufunabe tulo tija tinadulidwa, koma khutu linali litayamba kale kusaka phokoso.

Mayi anavula nsapato, anabwera, anawamenya paphewa kawiri.

“Ndagwira. Kagoneni.”

Atatero anakwera pabedi n'kudzifunditsa bulangete.

A Dalaivala anawayang'ana. “Nanga mwagonanso?”

“Eya. Si mmene mumachitira?”

“Ndiye akuyendetsa ndani? Tonse tili kumbuyo, basi ikuyenda yokha?”

“Abambo, ino ndi nyumba. Ili ndi maziko.”

“Komanso simunafunse galimoto. Munthu sulandira chinthu osadziwa chikudwala pati. Chipewa akanatero ndikanamutsitsa.”

Mayi anapuma mpweya wautali, wonga umene anaphunzira pa timphasa tija. Anadzuka. Anakoka mpando n'kuuika pambali pa bedi, pafupi ndi windo. Anatsegula katani pang'ono kuti kuwala kulowe. M'chikwama anatulutsa malaya a sukulu amene anabwera nawo, singano, ndi kachitini ka mabatani, chifukwa telala sayenda manja ali lende. Anavala magalasi, anakhala mowongoka, n'kuumitsa nkhope monga anachitira Chipewa.

“Chabwino. Nyumba ili bwanji?”

A Dalaivala anayamba mwamanyazi. “Loko wa pageti amavuta. Umafunika kumukoka kaye usanatembenuze kiyi.”

“Ndamva.”

“Mpopi wa kubafa ukudontha. Ndi kamphira kam'kati.”

“Ndamva.”

“Lata la pakona ya khitchini lakweza mutu. Mphepo ikabwera ya kum'mawa lidzatisiya.”

“Pitirizani.”

Mawu anayamba kutuluka okha, monga pamlatho paja. Anatchula waya wa firiji umene unkatentha. Anatchula chifuwa cha mdzukulu wawo wamng'ono chimene sichinkatha. Anatchula namwino, kuti amaweruka kutada ndipo msewu wa kwawo ulibe magetsi. Anatchula mwana wawo wamwamuna amene samaimba foni, ndipo akaimba amangoti zonse zili bwino, mawu amene dalaivala aliyense amadziwa kuti ndi a munthu amene galimoto yake ikutuluka utsi. Mayi ankasoka batani, n'kumati ndamva, ndamva. Zina mwa zimenezi sankadziwa kuti amuna awo amazisenza. Ankayesa kuti munthuyo amangodana ndi galu wa aneba.

Za nyumba zinathera pamenepo.

“Okwera?” anafunsa Mayi.

“Alipo mmodzi.” Anayang'ana pansi. “Akuti atsika pa siteji yotsatira. Wanyamula kale pilo.”

Mayi anadula ulusi ndi mano. Anasankha batani lina m'kachitini, analiyesa pa malaya, analibweza, anatenga lina.

“Ameneyo musiyeni kwa ine. Ndimamudziwa. Amangoopseza, satsika.”

Anaika singano pakamwa, anatambasula dzanja, n'kuwamenya paphewa kawiri, mwamphamvu kuposa Chipewa.

“Ndagwira. Msewu ndi wanga, kagoneni.”

A Dalaivala anagona chammbali, mawondo atapinda ngati m'kabedi ka m'basi, ngakhale malo analipo okwana ng'ombe. Anamva mvula pa denga. Anamva sizasi ikudula, mabatani akugundana m'kachitini. Panali munthu ali maso. Batani lachiwiri lisanathe kusokedwa, mkonono unayamba.

Belu la chakudya chamadzulo linalira, iwo osamva. Mayi anakadya okha, anabwerera, anapeza miyendo ija yatambasuka yokha mpaka kumapeto kwa bedi. Kutacha, dzuwa linakwera, alendo ena anamwa tiyi, anayenda m'tinjira ta miyala, anabwerera, a Dalaivala akadali m'tulo. Wa ku banki, amene chipinda chake chinali choyandikana nawo, anakadandaula ku ofesi kuti wina akuliza jenereta.

Anadzuka dzuwa lili pamutu, nkhope itatupa, tsaya lili ndi mizere ya pilo. Anakhala tsonga n'kuyang'ana uku ndi uku.

“Tili pati?”

“Tafika,” anatero Mayi. “Sambani, basi ingatisiye.”

Anadya ngati munthu wochokera kumunda. Anapempha buledi wina, anapemphanso mazira. Mayi wolandira alendo anabwera akuwala nkhope, manja atagwirizira pachifuwa, ndipo anaiwala kunong'ona.

“Mwaona, bambo? Ndinakuuzani! Masamba athu aja amachedwa, koma salephera.”

A Dalaivala anatsegula pakamwa. Akazi awo anawaponda phazi pansi pa tebulo.

“Salephera ndithu,” anatero a Dalaivala. Wolandira alendoyo anawapatsa paketi ya masambawo kuti apite nayo, ndipo mpaka lero ili m'kabati, imathamangitsa njenjete.

Pobwerera, basi isananyamuke, Mayi anawafunsa za galimoto. Iwo anati tayala lakumbuyo silikuwasangalatsa ndipo dalaivalayo amakonda hutala. Mayi anati ndamva, anawamenya paphewa, okwera ena n'kumadabwa kuti gogoyu walakwa chiyani. Ulendo umenewo a Dalaivala sanaponde buleki ngakhale kamodzi. Anadzuka basi ikulowa mu depoti.

Namwino anawachingamira, anayang'ana nkhope ya bambo ake, n'kuyamba kudzitama kuti malo aja anawasankha ndi iye. Anamusiya adzitame. Kenaka Mayi anamuuza kuti apite ndi mdzukulu uja kuchipatala akamuone chifuwa, ndiponso kuti akamaweruka kutada aziimba foni akafika. Namwino anafunsa kuti zimenezi zachokera kuti.

“Zili pa lipoti,” anatero Mayi. “Ine ndinalandira galimoto ndi matenda ake.”

Mlungu womwewo kamphira ka mpopi kanasinthidwa, lata linakhomedwa, loko anathiridwa mafuta. Mayi salandira chinthu n'kungochisunga. Mwana wamwamuna uja anamuimbira okha, ndipo zimene anakambirana sizikutikhudza.

Tsopano pakhomo pamenepo pali dongosolo. Akatha kudya madzulo, a Dalaivala amazungulira nyumba kamodzi, amagwedeza loko kamodzi, n'kulowa. Mayi amakhala pabedi lalikulu lija atatsamira kukhoma, magalasi pamphuno, chikho cha kampani chodzaza mabatani chili pambali. Amafunsa nyumba, amafunsa okwera. Masiku ena lipoti limakhala lalitali, masiku ena limangokhala la galu. Kenaka phaa, phaa. Chipinda cha ana chija anaikamo nsalu ndi makina akale.

Pangano lake ndi lakuti a Dalaivala akagona mokwanira azidzuka n'kulandira, kuti Mayi nawo agone. Sizinachitikepo. Amadzuka kutayera, mbalame zikulira, n'kupeza akazi awo ali m'tulo tofa nato, magalasi ali pamphumi, malaya ali pachifuwa, batani likulendewera pa ulusi losatha kusokedwa, lomwe lija anayamba dzulo.

M'mawa wina analitola batanilo n'kuliyang'anitsitsa. Mayi anatsegula diso limodzi.

“Amayi, dalaivala wanga ndikumukayikira. Ndikuona ngati amagona pa chiwongolero.”

Mayi anakoka bulangete mpaka m'khosi.

“Tafika kapena sitinafike?”

A Dalaivala anayang'ana denga, anayang'ana windo, anamvetsera mpopi. Unali chete.

“Tafika.”

“Ndiye kaikeni madzi a tiyi pamoto. Dalaivala watopa.”